Za Chitseko Chokana Kutsekeka: Nkhani Yokambidwa pa Msonkhano wa Pachaka ku Chitedze

Msonkhano wa pachaka wa Bungwe unachitikira ku Chitedze m'mwezi wa Januwale, ndipo panafika mamembala ochokera ku Namitete, ku Nsaru, ku Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma, ambiri a iwo atanyowa pakuti mvula inagwa usiku wonse. Msonkhanowo unachedwa kuyamba ndi theka la ola, chifukwa chitseko cha chipinda chimene Bungwe limasungiramo mabuku, mipando ndi zofunda za amasiye chinakana kutseguka kufikira anyamata awiri anachikankha ndi mapewa. Ndipo chitatseguka chinakananso kutsekeka. Mlembi anaulula kuti vutoli linayamba nthawi ya Khirisimasi, ndi kuti masiku ena chipindacho chinagona chosakhoma. Ena anati chigulidwe chitseko chatsopano, koma Msungichuma anayankha kuti ndalama zotero zikachotsedwa m'thumba la maliro. Ena anati abwereke puleni, chopalira matabwa chija, achipale mpaka chimvere.

Pamenepo Bambo Wapampando anapempha membala wina wachikulire, mmisiri wa matabwa wa kufupi ndi Namitete, amene wagwira ntchitoyo zaka zoposa makumi atatu, kuti alankhule. Komiti inaona kuti n'koyenera kulemba nkhani yake m'lipoti lino, kuti mamembala amene sanafike apindule nayo.

Mawu oyamba

Mmisiriyo anapereka ulemu kwa Bambo Wapampando, kwa mafumu, kwa azimayi ndi azibambo onse, ndipo anati iye sanali munthu wodziwa kulankhula pa bwalo, koma popeza nkhani inali ya chitseko akanatha kuyesako. Anati anthu ambiri amayesa chitseko chinthu chaching'ono, komatu ndicho chimagona pakati pa mbala ndi matumba a mtedza, pakati pa udzudzu ndi mwana, ndiponso pakati pa banja ndi kunja pamene denga la udzu lagwira moto usiku. Chitseko chokana kutsekeka chimataya chuma, ndipo chokana kutseguka chingathe kutaya moyo.

Anati langizo lake lalikulu linali limodzi lokha: munthu asathamangire puleni asanadziwe chimene chikugwira chitsekocho. Pofuna kuti mawuwo akhazikike, anasimba za manyazi amene iye mwini anawaona ali mnyamata. Atangolowa chikamwini, apongozi ake aakazi anadandaula m'mwezi wa Febuluwale kuti chitseko chawo chinali kuvuta. Ndipo iye, pofuna kuonetsa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mmisiri, anachipala mbali ya loko kufikira chinatsekeka mofewa, nalandira nkhuku ya chiyamiko. Koma pofika Okutobala panatseguka mpata wolowa chala chachikulu, lilime la loko linaleka kufika pa felemu, ndipo usiku wina apongoziwo ali ku maliro, mbewu yawo yonse ya mtedza inabedwa. Chaka chimenecho iye analima munda wa apongozi ndi mbewu yogula ndi ndalama zake, ndipo anaphunzira kuti madzi akatayika saoleka: thabwa limene puleni yadya silibwereranso.

Thabwa limamwa ndi kulavula madzi

Mmisiri anati alimi a fodya sangavutike kumva chimene chimachitika, pakuti iwo amadziwa kuti tsamba louma m'chigafa limathetheka masana a dzuwa, koma m'mawa wa chinyezi limafewa nkutheka kusankhidwa. Thabwa nalonso, ngakhale litauma zaka zambiri, limamwa chinyezi cha mumpweya ndi kuchilavulanso. Ku Chitedze, kumene Boma linatsegula malo ofufuzira za ulimi m'chaka cha 1948, kuli anthu oyesa za nyengo, ndipo zodziwika n'zakuti dera lino limalandira mvula pafupifupi mamilimita 900 pa chaka, pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Epulo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chinyezi cha mumpweya chimafika magawo 80 pa 100 kapena kupitirira, pamene mu Seputembala ndi Okutobala chimatsika kufika cha m'ma 50. Thabwa limatsatira nyengozo: m'chilimwe madzi a m'kati mwake amakhala ngati magawo 9 pa 100 a kulemera kwake, ndipo m'dzinja amakwera kufika ngati magawo 16.

Anafotokoza kuti thabwa lili ngati mtolo wa bango laling'ono kwambiri lomangidwa pamodzi. Likamwa madzi silitalika konse, koma limafufuma m'mbali. N'chifukwa chake chitseko chimakula m'lifupi koposa m'litali. Chitseko chodziwika bwino kuno n'chotalika mamilimita 2032 ndi chotambalala mamilimita 813, chimene amisiri akale ankati mafiti 6 ndi mainchesi 8 kwa mafiti 2 ndi mainchesi 8. Chikakhala cha matabwa a paini oimikidwa mondondozana, kufufuma kwake pakati pa Okutobala ndi Febuluwale kungathe kufika pafupifupi sentimita imodzi. Pamene mpata umene mmisiri amasiya pakati pa chitseko ndi felemu ndi mamilimita 2 kapena 3 okha, monga kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Chotero chitseko chimene chimagwira m'dzinja lokha, nkumasuka chokha mvula ikatha, sichinaonongeke ayi. Chakhuta madzi basi, ndipo chidzaphwa.

Kumutu kwa thabwa, kumene sowo inadula, ndiko kuli kukamwa kwa timabango tija, ndipo kumamwa madzi msanga koposa pena paliponse. Iye anati n'zachisoni kuti anthu amapaka penti kumaso ndi kumbuyo kwa chitseko, kumene alendo amaona, nasiya m'mphepete mwa pamwamba ndi mwa pansi muli mbee, mmene mulidi khomo la madzi.

Kuyamba wafufuza

Mmisiri anakumbutsa msonkhano kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu aime kunja kwa chitseko, achikankhe pang'onopang'ono, ayang'ane mpata wa mbali zonse zinayi. Atenge pepala, alilowetse mumpatamo ndi kuliyendetsa kuzungulira chitseko chonse. Pamene pepala lakanirira, ndi pamene pali mlandu. Kapena apake choko kapena khala m'mphepete mwa chitseko, achitseke ndi kuchitsegula, ndipo chizindikiro chidzatsala pa felemu pamalo pokhula. Kenaka atsegule chitseko pakati, agwire pa chogwirira, achinyamule m'mwamba pang'ono: chikagwedera, nkhani ili ku mahinjesi.

Anati malo amene chitseko chikukhula amanena okha chimene chalakwika. Chikakhula pa ngodya ya pamwamba ya mbali ya loko, kapena chikakwecha pansi ndi ngodya ya mbali yomweyo, ndiye kuti chawerama, ndipo kawirikawiri hinjesi ya pamwamba yamasuka. Chikagwira mbali yonse ya loko kuyambira pamwamba kufika pansi, ndiye kuti chafufuma, kapena penti waunjikana. Chikafika pafupi kutsekeka koma nkumabwerera chokha ngati chikukankhidwa, ndiye kuti mbali ya mahinjesi ikugunda felemu nthawi isanakwane. Chikagunda pamwamba pamene pansi pali patali, kapena pansi pamene pamwamba pali patali, ndiye kuti chapotoka. Ndipo mpata wa pamwamba ukakhala waukulu mbali ina ndi waung'ono mbali inzake pamene mahinjesi ali olimba, munthu aleke kuyang'ana chitseko, ayang'ane khoma.

Za mahinjesi

Iye anati pa zitseko zovuta zimene anaitanidwirako m'moyo wake, zambiri zinachira ndi sikuludiraiva yokha. Kulemera kwa chitseko kumakoka hinjesi ya pamwamba kuichotsa pa felemu, pamene ya pansi imakankhidwira m'kati. N'chifukwa chake ya pamwamba ndiyo imayamba kutopa, makamaka pa nyumba imene ana amakonda kulendewera pa chogwirira. Munthu aike kamtengo pansi pa chitseko kuti kachinyamule, kenaka amange masikuluwu onse. Sikuluwu ikangozungulira osagwira, ndiye kuti bowo lake lakula. Aichotse, aseme timitengo touma, atipake guluu, atikhomere m'bowomo mpaka lidzaze, adule zotsalira, ndipo guluu akauma abwezere sikuluwu yotalikirapo. Anachenjeza kuti sikuluwu si msomali: woikhoma ndi hamala amang'amba mitsempha ya thabwa imene ikanaigwira, ndipo m'miyezi yochepa imazuka.

Za chitseko chobwerera chokha, anati kawirikawiri mmisiri anakumba malo a hinjesi mozama kopitirira, kapena mitu ya masikuluwu ndi yaikulu ndipo ikugundana. Mankhwala ake ndi kumasula hinjesi, kuika kachidutswa ka katoni kunsi kwake, ndi kumanganso. Koma hinjesi ikakhala pamwamba osalowa m'thabwa mokwanira, imakankhira chitseko chonse ku mbali ya loko. Pamenepo tchizulo ichotseko pang'ono pamalo pake. Hinjesi yodyeka pa msomali wake wapakati, kapena yodyedwa ndi dzimbiri, ichotsedwe ndithu; ndipo chitseko cholemera cha mlombwa kapena mbawa chiyenera mahinjesi atatu, osati awiri. Dontho la mafuta a makina osokera kapena a njinga kamodzi pa chaka, mvula isanayambe, limatalikitsa moyo wa hinjesi.

Thabwa lopendekera

Pakuti nyumba zambiri za m'midzi ya kuno zili ndi zitseko za matabwa oimikidwa, ogwidwa kumbuyo ndi matabwa atatu opingasa, mmisiri anapempha mamembala kuti akafika kwawo akayang'ane kumbuyo kwa zitseko zawo. Chitseko chotero chimafuna thabwa lopendekera pakati pa opingasawo, ndipo phazi lake liyenera kuponda ku mbali ya mahinjesi, mutu wake nuloza m'mwamba ku mbali ya loko, monga mchirikizo wa nthochi yolemedwa ndi mkoko umaponda pansi ndi kukankha m'mwamba. Likaikidwa chotero, kulemera kwa chitseko kumalipanikiza ndipo limalimba. Likatembenuzidwa, kulemerako kumalikoka, misomali imazuka, ndipo chitseko chimawerama. Chitseko chowerama kale chichotsedwe, chigonekedwe pansi posalala, chiwongoledwe kufikira muyeso wochokera pa ngodya kufika pa ngodya yoyang'anana nayo ukhale wofanana mbali zonse ziwiri, ndipo pamenepo thabwa lopendekera lidulidwe lothina ndi kukhomedwa.

Felemu, khoma ndi pansi

Anati makolo akale sanali kudziwa vuto limeneli, pakuti chitseko chawo cha bango kapena cha nsungwi chinali kungotsamira pa mphuthu ndi kugwidwa ndi mpiringidzo. Mphuthu ikasuntha, chitseko chinali kutsatira. Koma chitseko cha mahinjesi ndi loko chimafuna felemu loongoka. Munthu amange kamwala ku chingwe, achilendewetse pambali pa felemu, ndipo chingwecho chidzanena zoona. Ayesenso felemu kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya.

Felemu limasuntha pa zifukwa zitatu. Choyamba ndi chiswe ndi kuola: mapazi a felemu la mtengo amene akwiriridwa m'dothi amadyeka, ndipo felemu limatsika. Munthu abaye ndi mpeni pansi pake. Mpeni ukalowa mosavuta, chidutswa chodyekacho chidulidwe, pailikizidwe china cholimba chopakidwa mankhwala a chiswe, chokhala pa njerwa yootcha kapena pa simenti. Chachiwiri ndi kumira kwa maziko. Nyumba zomangidwa m'mbali mwa madambo, pa dothi lakuda la makande, zimavutika chifukwa dothi lotero limafufuma m'dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe. Ndiponso madzi otsika pa malata akamagwera m'tsinde mwa khoma amafewetsa maziko. Chizindikiro chake ndi mng'alu wochokera pa ngodya ya pamwamba ya khomo nukwera mopendekera. Apa kupala chitseko kuli ngati kupaka mankhwala pa nsalu pamene chilonda chili pa mwendo. Choyenera ndi kukweza khonde ndi kukumba ngalande yochotsa madzi, ndipo mng'alu ukamakulabe aitanidwe mmisiri wa njerwa. Chachitatu ndi khomo lopanda chonyamulira njerwa pamwamba pake: kulemera kwa khoma kumagwera pa felemu, mphuthu ya pamwamba nipindikira pansi ndi kupana chitseko.

Za mafelemu achitsulo, amene tsopano achuluka m'misika ya Nsaru, Mpingu ndi Namitete, anati iwo saopa chiswe, koma amaopa dzimbiri kumapazi, ndiponso amapindikira m'kati pamene omanga sanaike mitengo yotsekereza pakati pake pomanga khoma. Wogula ayese felemu ndi sikweya asanalipire.

Pamenepo anatembenukira kwa azimayi mwaulemu, nati pali chifukwa china chimene sichinenedwa kawirikawiri. Nyumba yozira imakwera pansi pake pang'onopang'ono chaka ndi chaka, pakuti kuzira kulikonse kumasanjika dothi latsopano. Ndipo patapita zaka chitseko chimayamba kukwecha, bambo namanena kuti chitseko chatalika. Mankhwala ake ndi khasu: apale dothi pamene chitseko chimadutsa. Azimayi anaseka ndi kuomba m'manja.

Loko wokana kugwira

Chitseko chingathe kulowa bwino m'felemu koma loko nkukana. Munthu apake khala pa lilime la loko, atseke, ndipo adzaona pamene lilime likugunda pa kachitsulo kolilandira. Likagunda kunsi kwa bowo, ndiye kuti chitseko chawerama, ndipo ayambe wabwerera ku hinjesi ya pamwamba. Kusiyana kukakhala kwa milimita imodzi kapena awiri, bowo la kachitsuloko likulitsidwe ndi tupa, chida chonolera zitsulo chija. Kukakhala kwakukulu, kachitsuloko kasunthidwe, mabowo akale atatsekedwa ndi timitengo. Anachenjeza kuti kumenyetsa chitseko ndi kupotoza kiyi mwamphamvu ndiko kumapha maloko ambiri, ndi kuti m'bowo la kiyi musathiridwe mafuta ophikira, pakuti amagwira fumbi ndi kuuma ngati phula. Mtima wa pensulo woperedwa ndiwo woyenera.

Nthawi ya puleni

Mmisiri anati iye sadana ndi puleni, pakuti ndiyo yalera ana ake. Koma puleni ibwere pomalizira, zonse zija zitayesedwa. Kukhula kukakhala kochepa, kupaka kandulo kapena sopo wouma m'mphepete kumakwanira kuolotsa chitseko dzinja. Penti wounjikana apalidwe ndi mpeni kapena sandipepa. Koma chitseko chikakaniratu, kotero kuti banja likugona posatseka kapena silingathe kutuluka msanga, chipalidwe ndithu ngakhale m'dzinja, koma pamalo pokhula pokha, ndi pang'ono pokha. Alembe mzere ndi pensulo, achotse chitseko poyamba kumasula hinjesi ya pansi, achiimike cham'mbali, apale kawiri kapena katatu, achibwezere ndi kuyesa. Kuli bwino kuchipachika katatu kusiyana ndi kuchipala kamodzi mopitirira. Pofunika kuchotsa zambiri, apale mbali ya mahinjesi ndi kukumbanso malo ake, kuti loko asasunthe. Popala pamwamba kapena pansi, puleni iyambire kumapeto kulowera pakati, kuti ngodya isathetheke. Mphepete ya mbali ya loko ipalidwe mopendekera pang'ono kulowera kumene chitseko chimatsekera, kuti ngodya yake isagunde felemu polowa.

Pamalo popalidwa papakidwe penti kapena vanishi tsiku lomwelo, pakuti thabwa losendedwa limamwa madzi koposa kale. Koma kupaka kwenikweni kwa chitseko chonse, mbali zonse zisanu ndi imodzi, kuchitike mu Seputembala kapena Okutobala, thabwa litaumitsitsa, chizimalupsa chisanagwe. Kwa amisiri achinyamata anapereka lamulo ili: wopachika chitseko mu Okutobala asiye mpata wokulirapo, pakuti chidzakula, wopachika mu Febuluwale achithinitse, pakuti chidzachepa.

Za matabwa a masiku ano

Iye anati achikulire amadabwa chifukwa chake zitseko za kale za mamishoni ndi za nyumba za Boma zimatsekekabe bwino, pamene za dzana zavuta kale. Yankho lili m'mitengo. Mlombwa umadziwika ngakhale m'maiko akutali kuti ndi umodzi wa mitengo imene thabwa lake silisuntha kwambiri ndi nyengo, ndiponso chiswe sichiukonda. Mbawa nayo ndi yokhazikika. Ndipo mkungudza wa ku Mulanje, umene unatchedwa mtengo wa fuko m'chaka cha 1984, unali wosaola, koma lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Kuno ku chigwa cha Lilongwe mitengo yachilengedwe inayamba kuchepa pamene ulimi wa fodya wochiza ndi utsi unafalikira, kuyambira m'chaka cha 1920 pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace anatsegula minda ku Mbabzi ndi ku Lingadzi. Ndipo minda ya chimanga, nkhuni zootchera njerwa ndi makala zinamaliza zotsala. Nkhalango ya Dzalanyama, imene inaikidwa m'manja mwa Boma m'chaka cha 1922, ndi yotetezedwa ndi lamulo, ndipo ndiko kumachokera mtsinje wa Lilongwe. Membala wa Bungwe asapezeke akugula matabwa obedwa kumeneko.

Chotero zitseko za lero ndi za paini, wambiri wochokera ku Chikangawa kumene kubzala kwakukulu kunayamba m'chaka cha 1964, za bulugamu, ndi za malaina. Paini ndi wopepuka ndi wosavuta kupala, koma amafufuma kwambiri ndipo chiswe chimamudya ngati sanapakidwe mankhwala. Bulugamu ndi wolimba, koma amapotoka ndi kung'ambika pouma. Malaina amachedwa kuuma, koma akauma amakhazikika bwino. Anati vuto lalikulu si mtundu wa mtengo, koma kufulumira: thabwa lochekedwa Lolemba likukhala chitseko Loweruka, ndipo limaumira pa khomo, likupotoka ndi kutsegula mipata. Wofuna kumanga agule matabwa miyezi ingapo nyumba isanathe, awasanje pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, timitengo tofanana tili pakati pa thabwa ndi linzake, ndi miyala yolemera pamwamba. Pofuna kudziwa ngati auma, asankhe thabwa limodzi ndi kuliyesa pa sikelo mlungu ndi mlungu. Kulemera kwake kukaleka kutsika, matabwawo ndi okonzeka.

Mafunso a mamembala

Amfumu ena a ku Kabudula anafunsa ngati chitseko chopotoka chingawongoke. Mmisiri anayankha kuti, zikomo amfumu, chopotoka pang'ono chimagonjetsedwa posuntha kathabwa ka pa felemu kamene chitseko chimagundapo, kuti katsate kupotokako, kapena potulutsa hinjesi imodzi pang'ono. Koma chopotoka kwambiri chiphwasulidwe, thabwa lolakwalo lichotsedwe.

Mayi wina wa ku Nsaru anafunsa chimene mkazi wamasiye wopanda zida angachite. Mmisiri anati, mayi, kandulo, khasu ndi mpeni wakuthwa kunsonga womangira sikuluwu zili m'nyumba iliyonse, ndipo zimachiza zitseko zambiri. Koma chinthu chimodzi asachite, ndicho kutsekereza chitseko usiku ndi mtondo kapena matumba olemera, pakuti moto ukabuka, mwana sangathe kuzisuntha. Mpiringidzo wochotseka ndi dzanja limodzi ndiwo wabwino.

Mphunzitsi wina wa ku Nambuma anafunsa za zitseko zosalala za pulayiwudi zogula m'sitolo. Mmisiri anati izo sizifufuma kwambiri, koma zambiri n'zopangira m'kati mwa nyumba. Zikaikidwa pa khomo la kunja, mvula imamatula zikopa zake kuyambira pansi. Ndiponso mphepete yake yokha ndiyo ili ndi thabwa lenileni, kotero wopala mopitirira amafika pa mphako. Anawonjeza kuti anyamata ofuna kudziwa ntchitoyi mokwanira ali ndi mwayi, pakuti sukulu ya ntchito zamanja ya ku Namitete, imene imaphunzitsa ukalipentala, ili pakhomo pawo pomwe. Ndipo safunsa anadya phula.

Chitseko cha Bungwe

Atatha kuyankha, mmisiri anapempha mamembala kuti amutsate ku chipinda chija. Ananyamula chitseko pa chogwirira, ndipo onse anaona chikugwedera. Masikuluwu awiri a hinjesi ya pamwamba anali kungozungulira, ndipo lachitatu panalibe, m'malo mwake munali msomali wopindika. Anapisa dzanja kunsi kwa chitseko, naonetsa kuti mphepete ya pansi sinalawepo penti chipachikireni, ndi kuti madzi a pa malata anali kudumphira pomwepo. Anatseka mabowo ndi timitengo ta mlombwa timene anali nato m'thumba, namanga masikuluwu atatu aatali. Ndipo chitseko chinatsekeka pokankhidwa ndi dzanja limodzi, loko nagwira. Panatsala kukhula kochepa pakati pa mbali ya loko, ndipo mnyamata wina anapereka puleni. Koma mmisiri anaibweza, napaka kandulo, nati za pamenepo akaweruze Seputembala.

Zimene msonkhano unagwirizana

Msungichuma ananena kuti Bungwe lalipira mtengo wa masikuluwu atatu okha, ndipo thumba la maliro silinakhudzidwe. Msonkhano unagwirizana kuti chitseko cha chipindacho chipakidwe penti mbali zonse m'mwezi wa Seputembala, ndi kuti pakumbidwe ngalande pakhomo pake mlungu womwewo. Unagwirizananso kuti nthambi iliyonse ya Bungwe ikhale ndi sikuludiraiva, tchizulo ndi botolo la guluu m'manja mwa mlembi wake, zobwereketsa kwa mamembala. Koma puleni isungidwe ndi mmisiri wa nthambiyo. Pomaliza unagwirizana kuti chaka ndi chaka, mu Okutobala, anyamata awiri a nthambi iliyonse ayendere nyumba za nkhalamba ndi amasiye olembedwa m'buku la Bungwe, kuona ngati zitseko zawo zikutsekeka ndi kutseguka bwino mvula isanagwe, ndipo akapereke lipoti ku Komiti.

Bambo Wapampando anathokoza mmisiri m'malo mwa mamembala onse, nati Bungwe likanataya ndalama za amasiye pa chinthu chimene chinafuna maso okha. Mamembala anaomba m'manja, ndipo msonkhano unapitirira ku nkhani ya zopereka za pachaka.